Kadiresi ka Perla

Lachinayi, 19 Disembala 1946

Woimba limba kutchalitchi wabweretsa mkate wa Khirisimasi, wopyapyala uja timanyemerana pokhululukirana. Woyera wa anthu, wofiira wa ziweto. Akuti, "Nanga inu mayi Bronka munyemerana ndi ndani?" Ndati ndi mbuzi, poti iyo sinandiululepo kwa Ajeremani. Sanaseke.

Loweruka, 21 Disembala

Miyendo yatupanso. Chibwerereni kundende kuja siimva mankhwala. Ndatopa.

Lamulungu, 22 Disembala

Ku Misa Gienia anakhala kutsogolo kwanga. Mlamu wanga, mlongo wake weniweni wa mwamuna wanga Walenty. Waonda ngati nkhuni. Aonde. Pakamwa pakepo mpomwe panabweretsa asilikali pakhomo pano. Walenty anamuwombera pafupi ndi khola. Ayuda athu, telala Mendel ndi mwana wake Perla, anawatulutsa m'dzenje tinawabisa lija, osaonekanso. Ine zaka ziwiri kundende.

Pa Atate Athu, tikafika pokhululukira adani paja, ndimatseka pakamwa ena adutse. Bambo mfumu anaona. Akuti, "Bronka, pemphero si nsomba yoti uzichotsa minga." Ndati, "Bambo, munga umenewo ndiye umanditsamwa."

Lolemba, 23 Disembala

Ndaphika kabichi ndi supu wa bowa, kaya ndikuphikira ndani. Yesu, ndimakukondani, koma pa ichi chokha musandifulumizitse.

Lachiwiri, 24 Disembala

Mwambo wa usiku wa Khirisimasi: udzu pansi pa nsalu ya patebulo, mbale ziwiri, yanga ndi ya mlendo. Tsiku la lero wogogoda sabwezedwa. Chaka chatha mbaleyo ndinkaiyesa ya Walenty.

Nyenyezi yoyamba itangotuluka, wina anagogoda. Gienia. Mwambo akuudziwa, mfiti imeneyi.

"Alamu, ndilowe?"

"Lero ndi galu yemwe amalowa."

Anakhala pampando wa Walenty, supuni osaikhudza.

"Kwa Ajeremani sindinapiteko ine, alamu. Ndinangobwebweta pachitsime. Ndinati kwa a Bronka kulibe mwana, nanga kadiresi kali pachingwe kaja nka ndani? Basi."

Kadiresi kabuluu. Perla anali ndi nsabwe, ndinakawiritsa, ndipo tsiku limenelo kunawala dzuwa. Walenty anati yanika m'nyumba. Ine ndinati aa, kanthawi kochepa chabe, aone ndani? Zaka zitatu sindinauzepo munthu, ngakhale kokalapa.

"Ndinayanika ndine," ndinatero.

"Ndinalankhula ndine," anatero iye.

Anatola mkate uja patebulo nkunditambasulira. Ndinaunyema, unanyemeka mokhota, mbali yaikulu kwa iye. Mawu ofunirana mafuno abwino timanena ponyemerana aja palibe anawanena. Supu tinamwa atazizira.

Lachitatu, 25 Disembala

Anagona konkuno, chipale chofewa chinatseka njira. Mkonono wake ngati wa mlongo wake, sindinagone. Ndisaname, mtima sunapole. Ndikamuyang'ana pakamwa mkwiyo ukubwerabe.

Ku Misa anakhala pambali panga, anthu maso onse pa ife. Pa Atate Athu, titafika paja, ndinatseka pakamwa monga mwa masiku onse. Kenako ndinamva kuti nayenso wakhala chete. Kani naye amalumpha pomwepo!

Ndinamugunda ndi chigongono. Tinayamba mochedwa, awiriwiri, anzathu ali kale pa Amen.