Lero andikalipira

Lachitatu, mwezi wa Julaye, ku Chipera.

Kwacha ndi mphepo ya fumbi, mtima uli zii ngati masiku onse. Chichokereni kwathu ku Dedza kudzathandiza katemera wa ziweto kuno kutsidya kwa malire, sindinakhalepo pansi ndi anthu. Paliponse ndikafika amathamangira kadera, mpando wapulasitiki uja, n'kundikhazika ndekha pamthunzi. Amayi amaseka akusenda mtedza, ine ndili pamwamba ngati woweruza milandu. Chilankhulo n'chomwechi, koma ndikayandikira nkhani zimatha. Ngakhale a Dona Felisita, eni nyumba imene ndikukhala, amanditchula kuti "a dotora," kutanthauza dokotala, ndipo chakudya amandipatsira m'nyumba, pandekha.

Masanawa nditabaya mbuzi zawo katemera ndinaiwala kutseka khola. Zinathamangira pa ufa umene anayanika pabwalo n'kuupondaponda. A Dona anatulukira m'khitchini maso ali psuu.

"Iwe Tiyamike, mutu wako ukuyenda bwino? Tadzuka, kazipirikitse. Ukabwera usefe wekha ufawu."

Anandikalipira ndendende mmene amachitira amayi anga. Ndinasefa ufawo nditakhala pamphasa pakati pa amayi, wina akundiseka kuti sefa ndikugwira ngati mwamuna. Ndinaseka nawo mpaka misozi. Palibe amene anakumbukira kadera.

Dzuwa likulowa, mkwiyo utaphwa, anabwera n'kugwada pakhomo panga, mbale ili m'manja. "Pepani a dotora, pakamwa panandithawa."

Ndadyanso ndekha.

Khola lija chitseko chake n'chovuta ndithu. Mawa mwina ndikhoza kuiwalanso, kaya...