Tabuleti Yopanda Poika Simu

Old Town, Lilongwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Mukhtar,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira inu, alamu ndi khanda lathu Nasrin muli bwino ku Durban konko. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa. Pepala simungalidule, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Tabuleti munatumizira Bambo ija ndaisinthitsa. Eya, ndanena. Khalani kaye pansi.

Inali yokongola, sindikukana. Yopyapyala ngati chapati, yopepuka, Bambo ankaisisita ngati nsalu yatsopano. Koma achimwene, munaiyang'ana m'mbali pogula? Ilibe poika simu! Imangodziwa Wayifayi basi. Kwanuko Wayifayi ili m'nyumba, kuno kuseri kwa msika tiitenga kuti? Munena kuti ndiziilumikiza ku foni yanga. Ndinayesa. Koma inu mumapuma masana, pamene ine ndi foni yangayo tili kuntchito ku City Centre, ndipo ndikamafika kunyumba mwana wagona, inu mwabwerera ku shifiti.

Mukukumbuka maulendo awiri aja Bambo anakuimbirani masana, kumbuyo kwawo kukuoneka mpanda? Sikunali kwathu kumene kuja. A Lawford, mlonda amene Bambo ankawasokera mayunifolomu, amagwira panyumba ina ku Area 10. Anawamvera chisoni, nawaikira pasiwedi ya panyumbapo. Ndiye Bambo ankakwera minibasi okha, osandiuza, n'kukakhala kunja kwa geti, tabuleti ili m'manja. Wayifayi yodutsa mpanda imafika yotopa. Mawu anu ankawamva, koma nkhope ya mwana inkangoima, yosaoneka bwino.

Ulendo wachitatu mwini nyumba anawapeza. Anatsitsa galasi la galimoto, nawapatsa buledi wotsala, nati asamakhale pamenepo. Bambo athu, telala wa zaka makumi anayi, atavala chipewa chawo choyera! Buledi uja anamulandira ndi manja awiri poopa kuwachotsetsa ntchito a Lawford. Atafika kunyumba anaika tabuleti ija pansi pa nsalu. Nkhaniyi ndinaimva kwa a Lawford. Ndinalira, kenako ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe.

M'mawa mwake ndinapita kwa Shabir, wokonza mafoni kumsika. Anaitembenuzatembenuza nati, "Chemwali, kanthu kakapyapyala chonchi, dziwani kuti china anachichotsamo." Anandionetsa ina, yokhuthala, yolemera ngati njerwa, yokalika pakona. Kamera yake ndi ya bolabola. Koma imalowa simu, batire limakhala masiku awiri ngakhale magetsi azime, sipika yake imamveka mpaka pakhonde, ndipo sikirini ndi yaikulu kuposa ija. Tinasinthana pomwepo. Mukuti andipusitsa? Mwina. Koma chokongola chosalankhula ine sindichifuna m'nyumba muno.

Tsopano chimene Bambo anandiletsa kukuuzani. Shuga wawo wafika m'maso. Diso lamanja linatha kale mwezi wa Juni. Lamanzere likutsatira, ndipo adokotala sanatipatse chiyembekezo. Ulusi m'singano ndimawalowetsera ndine ndisanapite kuntchito, singano zisanu, ndimazibaya pansalu kuti ziwakwanire tsiku lonse. Akuti musadziwe, mungasiye ntchito. Ine ndakuuzani, adzandikalipira okha. Sindikanadikira kuti mutumize ina mu Disembala.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Kalatayi ndimpatsa dalaivala wa basi ya Lolemba, ikupezani pofika Lachinayi. Lachisanu mukachoka ku mzikiti muimbe pa nambala ili kuseri kwa pepalali. Ndapempha kale tchuthi. Musaime pamdima monga mumachitira muja. Mupite pawindo, kuwala kumugwere mwana kumaso, ndipo mumuyandikize kwambiri. Musamugwedeze. Musalankhulenso zambiri, muwasiye ayang'ane. Za tabuleti mudzandikalipira Loweruka, ndidzamva zonse.

Mundiperekere moni kwa alamu. Bambo sakudziwa kuti ndalemba, choncho moni wawo ndikupereka mowabera. Dzulo akumwa tiyi anandifunsa ngati Nasrin anatengera chipumi cha malemu Amayi. Ine ndinamuona bwinobwino pachithunzi, koma ndinangowauza kuti adzaona okha Lachisanu.

Musandichititse wabodza.

Ndine mlongo wanu,
Zakia