Mpando wa Nangozo

Lolemba, 8 Julaye

Chisanu. Mwana wanga Cyprian wabwera ndi Akram, makaniko wa pa Tsangano, kudzaika kasikirini mu lole yanga. Ati tiziona injini isanawire pachitunda. Ine ndimaimva ndi khutu, koma ndani afunsa munthu wosapita kusukulu, wophunzira zilembo m'buku la nyimbo? Mawaya ngati matumbo a mbuzi. Sensa, timakina toyezera, ya madzi, ya oyilo, ya dizilo, zonse kukalowa m'kabokosi pansi pa chiwongolero. Zina pansi pa mipando, zoona ngati munthu wamanga lamba. Ndinakana. Aika.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ayatsa. Manambala onse bwino. Koma pasikirini tianthu tiwiri tofiira tosonyeza kuti pampando pali munthu, wa dalaivala ndi wa pambali. Pambalipo palibe munthu. Akram anachotsa pulagi, kupemerera, kubwezera. Chimodzimodzi. Akuti, “Madala, mwina siponji yanyowa.” Ndagwira. Youma, koma yofunda.

Lachisanu, 12 Julaye

Cyprian wabwerako ku Blantyre kosiya mbatatesi. Sanadye. Kabelu ka lamba kanalira njira yonse mpaka anamangira lamba mpando wopanda munthu. Kanakhala chete.

Makinawa amasunga zonse za paulendo. Akram watiwerengera pa kompyuta yake. Mpando unapepuka pa Manjawira, lole itaima, kenako unalemeranso isananyamuke. Pa Manjawira mpamene mkazi wanga Nangozo ankatsika kukagula usipa. 

Lolemba, 15 Julaye

Mlongo wanga Veronica wabwera ndi pakamwa pake. “Achimwene, munawauza kuti atsike?”

Chaka chatha tinatenga thupi la Nangozo kuchipatala pa lole yomweyi. Ndinachita mwambo wake: mtsinje uliwonse kumuuza kuti tikuwoloka, mphambano iliyonse kuti tikukhota. Pakhomo pamafunika mawu omaliza, tafika, tsikani. Amenewo sindinanene, ndipo sindikupepesa. Mkazi wanga sindinamutsitsepo m'galimoto ngati katundu.

Lachinayi, 18 Julaye

Akram wadula waya wa mpandowo ine ndikuona. Wandipatsa m'manja. Kamunthu kakuyakabe. Wanyamula zitsulo zake osatsanzika.

Cyprian akuti sakweranso mpaka ndinene mawuwo. Matumba ali pakhonde, apansi ayamba kununkha. Ine maso anatha, sindingayendetse. Mbatatesi ya chaka chonse. Koma Nangozo akatsika apita kuti? Kumanda kuja kulibe ndi mthunzi womwe.

Loweruka, 20 Julaye

Masana ndinakakhala ndi Nangozo m'lole. Ndawauza za mbatatesi, za mdzukulu wathu, mwana wa Tracy, amene wayamba kuyenda. M'galimoto fungo la mafuta awo odzola. Mawa ndinena. Osati chifukwa cha Veronica.

Lamulungu, 21 Julaye

Titaweruka kutchalitchi. Jekete, chipewa m'manja. Ndinakhala pa chiwongolero, Cyprian anapotoza kiyi ali panja. Ndinatsegula chitseko cha mbali yawo. Nangozo, tafika, tsikani. Katatu, mwaulemu wake.

Kamunthu kawo sikanazime.

Cyprian ndiye anaona. Kanga kanali kozima, ine ndili pampando. Ndinatsika, anakhala iye, kanayaka. Ndinakhalanso ine, kudzigwedeza, kutsamira ndi mphamvu. Palibe. Mwana anayamba kukoka mawaya. Ndamuletsa. Mawaya alibe mlandu.

Mayi ake sanalowepo pakhomo patsogolo panga chikwatirane. Amadikira nditsike ine kaye.

Ndamuuza Cyprian apakire matumba mawa, sadzamuvutitsa panjira. Nsapato zanga zakuda zikhale zopolisha. Ng'ombe yamawanga ikhale ya