Njuchi za adadi zasankha uchi wakunja

LACHIWIRI

Amami 09:14
asitolo aja abweza makatoni onse. akuti uchi wakunja ndi wotchipa, wathu ukungochita fumbi pa shelf

Mzime 09:15
iii onse?? nanga adadi ali bwanji

Amami 09:17
ali pakhonde, tiyi wazizira m'kapu. akuti agulitsa ming'oma yonse. wogula wapezeka kale, abwera ndi lole Lachisanu

Mzime 09:18
adadi pls ayi. mawa si muli ndi meeting ya alimi a njuchi ndi akuluakulu a zamalonda? mukawauze aike msonkho pa uchi wakunjawo

Adadi 09:41
🎤 0:52

Mzime 09:44
kkkk adadi plan yake ndi imeneyi? sosa ziwiri pafupi ndi ming'oma, ina uchi wanu ina wakunja, njuchi zikhale ma judge?

Adadi 09:52
Njuchi sizilandira ziphuphu. Amayi ako ajambula video, ndikaonetse ku msonkhano. Zikasankha wanga, ming'oma sindigulitsa.

Mzime 09:52
zikasankha winawo?

Adadi 09:58
Sizingatero. Ndimazidziwa.

Amami 11:20
bambo akowa andituma kukagula uchi wakunja. ine, mkazi wa mlimi wa njuchi! ndaubisa m'chikwama ngati ndaba

Mzime 13:05
results?

Mzime 13:40
mami

Mzime 14:22
mwandiiwala kapena zakulumani

Amami 14:50
zandiluma pachikope, diso latsekeka ndithu. koma nkhani si imeneyo. mwanawe, zaunjikana pa wakunja, sosa yake bii! pa wathu zimangobwera mwa apo ndi apo

Mzime 14:51
ayi mami mukunama

Amami 14:53
ndikanakonda. bambo ako angoima, mpopi wa utsi uli m'manja mpaka wazima. kenako akuti "zima foniyo." mtima wandipweteka

Mzime 14:55
adadi mukuwerenga ndikudziwa. njuchi ndi tizilombo basi, sizidziwa quality. ine ndinakula ndi uchi wanu, ndifunseni ineyo

Mzime 16:10
📞 sanayankhe

Mzime 17:32
adadi ndimakukondani. musagulitse muli okwiya pls

LACHITATU

Mzime 07:03
mwadzuka bwanji. meeting ija?

Amami 07:20
tadzuka. jekete ndasita, ili pa mpando. eni ake alawirira ku ming'oma, chisoti cha neti kumutu. anzawo akuimba, foni ayisiya pa tebulo

Mzime 07:21
akatani kumeneko

Amami 07:22
kaya akazitsanzike, kaya akazikalipire

Mzime 08:45
abwera?

Adadi 09:30
Mzime wanga. Ndatsegula ming'oma yonse. Zisa zili mbee, mulibe kanthu. Sosa zonse ziwiri zanyambitidwa mpaka kuwala. Zinayamba ndi wakunja chifukwa ndi wamadzimadzi, suvuta kuyamwa. Njuchi zokhuta sizilimbirana chonchija. Zili ndi njala.

Mzime 09:31
njala bwanji? inu mumazisiyira gawo lake mukamafula, mumatikalipira tikangokhudza

Amami 09:35
ulendo uno sanasiye. mtengo wa uchi utagwa anati tingapulumuke ndi kuchuluka kwa mabotolo. anafula mpaka zisa za m'mphepete. ndinawauza ine

Adadi 09:36
Munandiuza, mayi. Inuyo mumanena zinthu zambiri.

Amami 09:37
mwaona? ndi diso limodzi lomweli ndikunyozedwa

Mzime 09:37
kkkk sry mami. ndiye pano titani adadi

Adadi 09:49
🎤 0:18

Mzime 09:51
sindikumva bwino, njuchi zikusokosa. mukuti mwatsegula makatoni?

Amami 09:54
atsegula. akuthira uchi wobwezedwa uja m'mbale, akuika m'ming'oma. ine ndikuwagwirira utsi. sitolo yaukana, eni ake akuulandira ndi manja awiri

Mzime 09:55
mwandiliza pa ntchito anthu inu. abwana akundiyang'ana

Adadi 10:20
Ku msonkhano ndipita masana, opanda video. Ndikawauza kuti mtengo wa uchi wakunjawo walowa mpaka mu mng'oma.

Mzime 10:21
bho!! nanga wa lole uja

Mzime 10:40
adadi. wa lole

Adadi 11:02
Ndamuuza asabwere. Sindingapatse munthu njuchi zanjala, angandiyese wotani. Zikakhuta tiona.

Amami 11:30
"tiona" wa bambo akoyu ndimamudziwa. jekete avala, koma ali m'shedi akuyeza matabwa ndi tepi

Mzime 11:31
matabwa achani?? 👀

Adadi 11:33
Ndikuwerengatu zonsezi.

Adadi 11:38
Mzime, Loweruka ubwere ndi misomali ya ming'oma.