Injini ya bambo anu

Amayi a ana,

Pepani, mundipeza kulibe, ndathamangira kugalaja. Pikapu yathu yandizimira pamlatho ndikuchokera kotenga matabwa, utsi uli tolotolo. Achimwene ndi amene achita kudzaikoka ndi chingwe.

Makanika atatsegula boneti anapukusa mutu, n'kuvula chipewa ngati wafika pamaliro. Akuti, "Bambo, injini iyi yayenda mokwana. Ndikhoza kuimasula n'kusintha mapisitoni, koma sindikulonjeza kuti itha chaka. Kuli bwino tingoikamo ina."

Ndinavomera msanga. Koma ndili m'njira kudzatenga mapepala a galimoto, mtima wanga wakana. Paja injini imeneyi anaimanga ndi malemu bambo anu, masabata atatu pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yawo, ine ndili mkamwini watsopano. Ndikawapatsa sipanala yolakwika ankangondiyang'ana, inu mukuseka pawindo. Tsiku limene inalira anandigwira paphewa, ndipo kanali koyamba kunditchula kuti mwana wanga. Mpaka lero ndikailiza m'mawa ndimakhala ngati ndikuwamva akutsokomola.

Ndiye ndamuimbira makanika kuti asakhudze chilichonse mpaka inu mufike. Bambowo anali anu, sindingagamule ndekha. Mukangowerenga, bwerani isanakwane folo koloko, chifukwa mwini injini inayo akuti mawa aipereka kwa wina.

Mukati ichoke, ichoka, sinditsutsa. Koma kuzitsulo zakutha siipita, ndibwera nayo kuno. Muyambiretu kusuntha maluwa anu pakhondepo.

Ndine,
Bambo a ana