Lero Ndamenya Mlamu Wanga

Lachinayi, kuno ku Mtendere.

Dzanja likundiwawabe. Lero ndamenya ba Chanda, mlongo wa mwamuna wanga, ndipo sindikumva chisoni ngakhale pang'ono.

Ndinawasiyira Tiyamike masiku atatu, ine ndili kumaliro ku Chipata. Mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi zitatu, amadwala shuga, amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Ba Chanda anaona pafoni kuti wodwala shuga asamadye nsima, buledi, ngakhale mbatata. Anayamba kumupatsa mazira ndi masamba a repu basi, koma jekeseni muyeso womwewo. Kukiliniki sanafunse.

Nditatsika minibasi masana, ndinapeza anthu atadzaza pakhomo. Tiyamike ali pansi, thukuta thupi lonse, akunjenjemera, maso atatembenuka. Shuga anali atatsika, zizindikiro zake aliyense wa m'nyumba muno amazidziwa. Koma azimayi a kutchalitchi anali atamupanikiza miyendo, wina akumuwomba mbama: "Tuluka, chiwanda iwe!"

Ndinawakankha, mmodzi anagwera pandowa. Ndinatapa shuga n'kuyamba kumupaka mwanayo m'nkhama. Ba Chanda anandigwira dzanja.

"Ba mulamu, muzamupha na shuga!"

Mpamene ndinawawomba khofi mpaka mlomo kung'ambika.

Mwana anatsitsimuka, tinathamangira kukiliniki. Ba nesi akuti ukachepetsa chakudya jekeseni nayo imasintha, ndipo osintha ndi iwowo, osati foni.

Bambo a mwanayu akuti mawa ndikapepese kwa mlongo wawo, eti ndanyoza banja. Ndawaonetsa tsaya la Tiyamike, zala zinayi za munthu wopemphera zikuonekabe. Ayambe apepesa tsaya limenelo.