Zobiriwira Zanga ku Batu Karas

Lolemba, 7 Julayi

Ndafika msana uli wothyoka, basi ya ku Bandung yandipeta ngati mpunga m'lichero. Imas anadzandichingamira pa njinga yamoto. Mwana wanga wada bii, tsitsi lafiira ndi mchere. Ndinapindika pa makina osokera kuti aphunzire unamwino, lero akuphunzitsa azungu kuimirira pa thabwa m'mafunde. Ndamuuza mosapsatira kuti ndabwera kudzamutenga, malo ku chipatala amusungira mpaka Lolemba likubwerali.

Iye: "Mamah, mulowe nane m'madzi kamodzi kokha. Mukatuluka n'kunena kuti tiye, ndilongedza."

Ndavomera msangamsanga. Sakudziwa zimene zili m'chikwama mwanga.

Lachiwiri, 8 Julayi

Malaya obiriwira, siketi yobiriwira, mpango wobiriwira. Ndinasoka dala, poti za kulowa m'madzizi anayamba kale pa foni. Ndani angalowetse munthu wovala zobiriwira m'nyanja iyi? Mtunduwu ndi wa Mfumukazi ya nyanja, wouvala amamukokera pansi. Ine zimenezo sindikhulupirira, ndimaswali bwinobwino. Koma madzi ndimawaopa, ngakhale a m'ngalande.

Imas wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, waseka mpaka kukhala pansi. Akuti ndikuoneka ngati mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi. Ndamuuza kuti kulowa ndimafuna, koma waona wekha, si vuto langa, ndiye tingonyamuka.

"Pangano ndi pangano, Mamah. Osalowa, sindilongedza."

Msampha ndatchera ndekha, mwendo ndaikamo ndekha.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndinati ndikaone ntchito yakeyo pafupi. Ndisanaponde n'komwe mchenga wonyowa, Mak Entin, mayi wowotcha nsomba amene Imas amagona kwawo, anandithamangira mbaniro ili m'manja. "Ibu, mayi inu, mukufuna tikakutoleni ku Australia ndi zobiriwirazo? Bwererani kumtunda!" Asodzi onse maso pa ine. Ndakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, pakati pa njinga zamoto, ngati mlonda wa njingazo.

Imas ndimamuonera patali, kadontho chabe. Ophunzira ake atatopa analowa yekha mkati. Funde linadzuka lalikulu ngati nyumba, mwana n'kuimirira pamwamba pake, manja tambalale, kutsetsereka ngati wabadwira pomwepo. Sindinadziwe kuti ndaimirira mpaka khofi atanditayikira pa siketi. Ndinachita mantha, komanso ndinanyada. Zachiwirizi sindimuuza.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndafufuza chikwama chonse. Ngakhale zamkati n'zobiriwira. Ndadziuza ndekha: iwe Yayah, nzeru zachuluka mpaka zasefukira.

Lachisanu, 11 Julayi

Mak Entin andibwereka buluku la amuna awo ndi malaya achikasu otsatsa mankhwala a udzudzu. Telala woti wasoka zaka makumi atatu, kuyenda pagulu chonchi.

Imas anandigoneka chafufumimba pa thabwa. Anati ndiyang'ane kumtunda, ndisayang'ane pansi. Ndinayang'ana pansi. Anandikankha, thabwa n'kuthamanga, ine kuitana mayina a makolo anga onse. Kenako gubudu. Mchere m'mphuno, mpango kumaso, ndinayamba kulapa machimo. Manja awiri anandigwira m'khwapa.

"Imani, Mamah. Madziwa ali m'chiuno. Pumani pang'onopang'ono, ndakugwirani."

Mawu ake anali ofatsa, enieni a namwino. Sindimadziwa kuti ali ndi mphamvu chonchi m'manja.

Kumtunda anthu amaomba m'manja, ena kuseka osabisa. Imas anandikonza mpango n'kufunsa, "Ndiye mukuti bwanji?" Manyazi anandiyankhira ndisanaganize. Ndinati tiye. Anangogwedeza mutu. Bola akanakangana nane.



Loweruka, 12 Julayi

Ndadzuka n'kupeza chikwama chake chili pakhomo, chomanga kale. Thabwa lake wapatsa Mak Entin kuti agulitse, aliimika pafupi ndi mbaula. Iye wavala nsapato zotseka, koyamba chibwerereni ine, akuyenda ngati bakha. Wapita kukatsanzika anzake.

Ndatsegula chikwama, ndabweza zovala pa shelefu chimodzichimodzi. Ndachita kuzipindanso, mwanayu kupinda sadziwa mpaka lero. Mak Entin anasuzumira, n'kupita kukachotsa thabwa lija pa utsi.

Imas wandipeza ndikupinda kabudula womaliza. Waima pakhomo.

"Mamah, mukutani?"

"Vula nsapatozo, zikukuipitsa. Ndipo kafunse ngati malaya a udzudzu aja auma. Dzulo unandikankha molakwika, n'chifukwa chake ndinagwa."

Wakhala pa chiundo, akulimbana ndi zingwe za nsapato. Zikumukanika, maso adzaza misozi. Ndiike cholemberachi ndikamumasulire.